Mayi Amene Ankawerenga Masitepe

Tsiku limene anamupezerera atakhala pampando wa kalaliki, Namopu analira m'kachipinda kosungiramo matsache mpaka maso anatupa. Anali ndi zaka makumi atatu ndi zinayi. Mayeso omaliza a sekondale anawalephera kawiri, mwamuna wake anapita kutali kukafuna ntchito n'kuiwala njira yobwerera, ndipo ana ake awiri ankadya chifukwa cha ntchito imodzi yomweyi, yokolopa mu ofesi yokonzera anthu maulendo a tchuthi.

Namopu silinali dzina lake lobadwa nalo. Anamupatsa ndi anzake a pantchito poona kuti mopu sinkachoka m'manja mwake.

Mlandu wake tsikulo unali wochepa. Nthawi ya nkhomaliro anthu onse atatuluka, iye anakhala pampando n'kutsegula kabuku ka zithunzi za mahotela. Kasitomala wina analowa n'kumufunsa funso, iye n'kuyankha. Yankholo linali lolondola ndithu, koma kalaliki wamkulu, mayi wa zikhadabo zazitali amene anthu ankamutchula kumbali kuti a Ndikudziwa, anali atafika pakhomo n'kumva zonse.

Abwana sanakalipe. Anamuitanira mu ofesi yawo n'kulankhula motsitsa mawu.

"Mayi, tinakulembani ntchito ya pansi, osati ya patebulo. Mukadzalankhulanso ndi kasitomala, mudzangotenga kachikwama kanu muzipita."

Inu amene munanyozedwapo pantchito mukudziwa kuti chopweteka si mawuwo ayi. Chopweteka n'chakuti mawa lake uyenera kubweranso, n'kupereka moni kwa anthu omwewo. Namopu anabwera, anapereka moni, n'kutunga madzi m'ndowa yake.

Koma panali chinthu chimene anthu a mu ofesimo sankachidziwa. Kwa zaka zisanu ndi ziwiri, timabuku takale ta zithunzi timene ankataya m'bini, Namopu ankatitola n'kupita nato kunyumba. Ankatiwerenga Lamlungu masana, dikishonale yothothoka masamba ili pambali. Chizungu chake chinkatsimphina, koma maso ake anali akuthwa, ndipo zithunzizo sankaziona ngati mmene ankazionera makalaliki.

Makalaliki ankaona nyanja yobiriwira ndi mabedi oyalidwa bwino. Iye ankaona pansi. Ankati akayang'ana chithunzi, mumtima n'kumati, "Matailosi awa akanyowa munthu angathyoke msana," kapena, "Kodi mnzanga amene amakolopa kunoku amakwera bwanji ndi ndowa?" Masitepe aliwonse ooneka pachithunzi ankawawerenga. Sankachitira dala. Munthu amene wakhala akukwera masitepe makumi anayi ndi awiri tsiku lililonse atanyamula madzi okakolopera zipinda za pamwamba, m'nyumba imene chikepe chake chokweza anthu chinafa, amayamba kuwerenga masitepe ngakhale a eni ake.

Patapita miyezi iwiri chimuchenjezereni, mu ofesimo munafika bambo wina wachikulire, mphunzitsi wopuma pantchito, akukankha mkazi wake panjinga ya olumala. Mayiwo anafa ziwalo mbali imodzi atadwala sitiroko. Pakhomo pa ofesiyo panali sitepe imodzi yokha, koma njinga inakana kukwera. Mlonda ndi aphunzitsiwo anachita kuwanyamula mayiwo m'khwapa, wina n'kulowetsa njinga payokha. Powanyamulapo siketi yawo inakwera mpaka m'mawondo, ndipo mayiwo anatsinzina mwamphamvu. Namopu anali pafupi akupukuta galasi la chitseko, ndipo kutsinzinako anakuona.

Aphunzitsi anafotokoza chimene anadzera. Atangokwatirana, m'kanyumba kawo koyamba munali kalendala ya chithunzi cha kadziko kena kakang'ono ka ku Ulaya, kochepa moti pamapu chala chimodzi chimakaphimba. Pachithunzipo panali nyumba zamiyala zomata m'phiri, pansi pake nyanja. Mkazi wawo ankachikonda chithunzicho, ndipo iwo, ndi kukamwa kwa mnyamata amene wangokwatira kumene, analonjeza kuti adzapita naye kumeneko. Panadutsa zaka makumi anayi. Tsopano ana awo anali atagwirizana zowalipirira ulendowo.

"Adokotala akuti angathe kuyenda chaka chino," anatero aphunzitsi. "Za chaka chamawa sananene chilichonse."

A Ndikudziwa anagogoda kompyuta ndi zikhadabo zawo, ndipo pasanathe theka la ola ulendo unali utatha kukonzedwa. Anatembenuza kompyutayo kuti aphunzitsi aone.

"Hotela yake ndi iyi, pakatikati pa tauni yakale. Kadzikoka n'kakang'ono, bambo, chilichonse chili pafupi. Simukavutika."

Namopu ankakolopa kuseri kwawo, ndipo anangoponya diso kamodzi. Hotelayo ankaidziwa, inali m'timabuku take titatu. Msewu wake unali wopapatiza moti galimoto silowa, ndipo kuchoka pamsewu kukafika pakhomo panali masitepe amiyala okhotakhota.

Anaganizira ana ake awiri ndi mawu a abwana aja. Anakolopa malo amodzimodzi katatu, akudziuza kuti za eni sazilowerera. Koma akati atembenuke azipita, ankaonanso nkhope ya mayi uja atatsinzina m'manja mwa mlonda, n'kuganiza kuti kumeneko akawanyamula choncho m'mawa ndi madzulo, pamaso pa anthu achilendo, kwa sabata yathunthu. Anatsamiritsa mopu kukhoma.

"Pepani, abambo. Tawafunsani kuti pakhomo pa hotelayo pali masitepe angati."

A Ndikudziwa anatembenuka pang'onopang'ono.

"Mwayambanso? Abwana, tabwerani mudzamve nokha!"

Abwana anatuluka, anamva nkhaniyo, n'kuloza kukachipinda ka matsache. "Tinapangana kale, mayi. Katengeni kachikwama kanu."

"Taimani kaye, achimwene," anatero aphunzitsi. "Ine ndaphunzitsa zaka makumi atatu, ndipo sindinatulutsepo mwana m'kalasi funso lake lisanayankhidwe. Masitepewo ndi angati?"

A Ndikudziwa anayang'ana pakompyuta. Abwana anayang'ana a Ndikudziwa. Panalibe ankadziwa.

"Ooneka pachithunzi ndi makumi awiri ndi asanu ndi awiri," Namopu anayankha. "Kuseri kwa ngodyayo sindikudziwa ngati aliponso ena."

Apo m'pamene mkazi wa aphunzitsi analankhula koyamba. Mawu ankatuluka movutikira, limodzilimodzi, koma aliyense anawamva.

"Atikonzere ulendo ndi mayiwa."

Abwana sanali munthu woipa mtima kwenikweni, anali munthu wa bizinesi, ndipo kasitomala sankafuna kumutaya. Anati Namopu ayese mpaka Lachisanu, pakompyuta yakale ya pakona, nthawi ya nkhomaliro yokha, kukolopa osasiya. Akalephera, Lachisanu lomwelo ndilo tsiku lake lomaliza.

Madzulo a Lolemba, ataweruka, anabwereka tepi yoyezera kwa telala woyandikana naye n'kupita kunyumba kwa aphunzitsi. Anayeza kutambalala kwa njinga ija. Anafunsa kuti amayi amasamba bwanji, amatha kuimirira mphindi zingati, ndi dzanja liti limene limagwira. Aphunzitsi anaseka n'kunena kuti ngakhale kuchipatala sanawafunsepo mafunso ochuluka choncho.

Lachiwiri anayamba kulemba makalata pakompyuta ndi zala ziwiri, dikishonale ili pamiyendo. Analembera mahotela khumi ndi asanu ndi anayi. Khumi ndi imodzi sanayankhe n'komwe. Ena anangotumiza zithunzi za maluwa ndi dzuwa likulowa. Imodzi inayankha mwaulemu kuti iwo ndi okonzeka kulandira mlendo aliyense, asadandaule. Namopu sanakhutire. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Pofika Lachinayi m'mawa analibe chilichonse chogwirika. A Ndikudziwa podutsa anamufunsa mokweza ngati wayamba kale kutsanzikana ndi mopu. Namopu anapitiriza kukolopa, akunong'oneza bondo kuti anatsegulira chiyani pakamwa.

Akukwera masitepe ndi ndowa yake, anaima panjira kuti apume, ndipo ganizo linamufikira pomwepo. Abwana ake omwe, amene anakhala m'nyumbayo zaka khumi ndi ziwiri, akanafunsidwa kuti masitepe ake ndi angati sakanayankha. Nanga mabwana a mahotela akutaliwo akanasiyana bwanji? Anali akufunsa anthu olakwika.

Nthawi ya nkhomaliro analembera hotela yaulemu ija kalata ina, m'Chizungu chake chotsimphinacho. Anati, "Chonde kalatayi muwapatse mayi amene amakolopa kwanuko. Inenso ndimakolopa. Ndikufuna andiuze kuti kangolo ka zochapa kamalowera khomo liti, ndipo ndi bafa iti imene amalowamo ndi kangoloko osagunda chitseko."

Yankho linafika Lachisanu m'mawa. Munali zithunzi zisanu ndi chimodzi zojambula pafoni, zopendekeka, china chala chitaphimba pakona. Pansi pake panali mawu a mayi wokolopa wa kumeneko, amene Chizungu chake chinkatsimphinanso chimodzimodzi. Anati khomo lakutsogolo lili ndi masitepe atatu amene mabwana ake amawaiwala, koma khomo la m'mbali, lolowera zochapa, lilibe ngakhale imodzi. Chipinda chachinayi chili pansi, pafupi ndi khomolo. Chitseko cha bafa anachiyeza yekha, tepi ikuoneka pachithunzi, ndipo njinga ikanalowa n'kutsalako malo. Matailosi ake amaterera akanyowa, koma iye akayalapo mphasa ya labala. Anawonjezanso zimene sanafunsidwe: basi imene amayi ake okalamba amakwera chifukwa ndi yotsika pansi, ndi kanjira kosalala kamene onyamula katundu amadutsa popita pamwamba pa phiri, pamene nyanja imaoneka yonse.

Namopu anawerenga kalatayo kawiri, n'kupukuta misozi ndi nsonga ya epuloni. Anthu awiri amene sanaonanepo, wina uku wina uko, anamvana ngati ana a mimba imodzi.

Masana aphunzitsi anabwera ndi mkazi wawo. Namopu anayala mapepala ake olemba pamanja, tsiku lililonse patsamba lake: adzuke nthawi yanji, akwere basi iti, apumire pati, chimbudzi cholowa njinga chili kuti. A Ndikudziwa anasuzumira n'kuseka.

"Ndiye kasitomala wathu, wolipira bwinobwino, akalowere khomo la zochapa? Abwana, zimenezi zitichititsa manyazi."

Mkazi wa aphunzitsi anawayang'ana kwa kanthawi, kenako anayankha mwa kalankhulidwe kawo kapang'onopang'ono kaja.

"Mwana wanga, bola khomo la zochapa ndikulowa ndili pampando wanga, kusiyana ndi khomo la mabwana atandinyamula ngati thumba."

Abwana anakanda m'mutu. Sanamuchotse ntchito Namopu, koma sanamuyamikirenso. Anangoti zapapepala n'zapapepala, tiona akabwerako. Ndipo kwa miyezi iwiri, mapasipoti ndi zitupa zikukonzedwa, Namopu anapitiriza kukolopa mtima uli m'mwamba. Tsiku limene banjalo linanyamuka sanadye. Ankangoganiza kuti ngati mnzake uja analakwitsa poyeza, kapena iye analakwitsa powerenga, ndiye kuti wataya ntchito n'kuwonongeranso anthu ulendo umene sudzabweranso.

Lachitatu lina m'mawa aphunzitsi analowa mu ofesi ali okha, opanda njinga. Namopu anasiya mopu n'kuwathamangira.

"Amayi ali kuti?"

"Ali kunyumba, atopa ndi kufotokozera maneba," anatero aphunzitsi akumwetulira. Kenako kumwetulirako kunatha. Anavula chipewa, n'kuima pakati pa ofesi kuti onse amve. "Masiku asanu ndi atatu, palibe munthu ananyamula mkazi wanga. Chidwalireni, aka n'koyamba. Pamwamba pa phiri paja tinafika, ndinamukankha ndekha ndi manja angawa. Anayang'ana nyanja ija n'kundiuza kuti, 'Bambo, mwachedwa nazo, koma simunaname.'"

Atatero, aphunzitsi anayandikira pamene panaima Namopu. Anagwira dzanja la Namopu, lonyowa ndi madzi a sopo, ndi manja awo onse awiri, ndipo sanalisiye msanga.

Abwana anatsokomola, n'kuyang'ana kudenga, kenako anati, "Mayi, Lolemba mukhale pa desiki ya pakonayo. Makasitomala achikulire onse azifikira kwa inu."

Ndisakunamizeni kuti lero Namopu ndi wolemera. Akukhalabe m'nyumba ya zipinda ziwiri, ndipo ndege sanakwerebe. Koma anthu okalamba, odwala miyendo, ndi makolo a ana olumala amachokera kutali kudzamufuna, ena amadikira pabenchi mpaka amalize ndi anzawo. M'kabuku kake muli manambala a amayi okolopa a m'mayiko asanu ndi limodzi. Mayeso aja analembanso kachitatu ali ndi zaka makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo anakhoza, ngakhale Chizungu anangodutsa mokwawa.

Ndalemba nkhaniyi chifukwa cha inu amene mumadzuka m'mawa kupita kuntchito imene simuitchula mokweza pagulu. Mwina mumaganiza kuti zaka zanu zikungotayika. Sizikutayika ayi. Pamalo otsikawo mukuona zinthu zimene okhala pamwamba sangazione, ndipo tsiku lina munthu adzafuna chimene mukudziwa inu nokha. Tsikulo likadzafika mudzachita mantha, ngati mmene anachitira mayiyu, chifukwa chotaya chidzakhalapo ndithu. Mudzalankhulebe.

Pakali pano pitirizani kuyang'anitsitsa ndi kuphunzira, ngakhale palibe wokuombererani m'manja. Mtima wanuwo musautaye, mudzaufuna.