Tsiku Limene Ndinatsitsa Makilomita

Ndimagulitsa nsapato za kaunjika mu msika wa Lilongwe, ndipo chimene chimadyetsa ana anga ndi pakamwa panga. Kasitomala akati nsapato yathina, ndimati ikula. Akati yakula, ndimati phazi limatupa masana. Sikuti ndikulapa ayi. Ndi ntchito, ndipo wogula nayenso amabwera ndi bodza lake m'thumba, loti wangotsala ndi ya minibasi.

Tsiku lina pabenchi panga panafika bambo wamtali wa imvi, atagwira chigongono cha akazi awo. Chichewa chawo chinkamveka kuti ndi a kumpoto. Nsapato sanaziyang'ane. Ankatenga imodziimodzi, kuipinda, kulowetsa chala mkati, kusisita kunsi kwake ngati akusankha papaya. Apo m'pamene ndinazindikira kuti maso awo ndi otsegula koma sakuona.

"Iyi chidendene chadyeka mbali imodzi," anatero. "Mwini wake ankaponda mopendekera."

"Ndiye tengani izi, bwana. Ineyo ndili ndi zinzake. Ndimathamanga nazo m'mawa uliwonse kuchokera ku Kawale mpaka ku City Centre, n'kubwereranso."

Chichokereni kusukulu ndinali ndisanathamangepo, kupatula pothawa mvula ndi belo pamutu.

"M'mawa uliwonse?" Anatembenukira kwa akazi awo n'kunena mawu angapo m'Chitumbuka. Mayiwo anandiyang'ana kuyambira kumutu, ndipo atafika pamimba anachedwapo.

Kenaka bambowo anandifotokozera. Anagwira ntchito m'boma ku Capital Hill zaka zambiri, ndipo ali mnyamata ankapikisana pa marathoni, mpikisano wa makilomita 42. Maso anayamba kuzima pang'onopang'ono mpaka anapuma ntchito. Kumapeto kwa chaka chimenecho ankayenera kutuluka m'nyumba ya boma ya ku Area 15 n'kubwerera kwawo kumpoto. Asanapite ankafuna kuthamanga marathoni ya mumzinda uno komaliza, ndipo osati kungomaliza chabe, koma pasanakwane maola anayi ndi theka. Miyendo anali nayo. Ankasowa munthu wa maso woti azithamanga pambali pawo.

Ndikanatha kuulula pomwepo. Koma nsapato zinali zisanagulidwe, choncho ndinavomera.

M'mawa mwake ndinali pageti pawo. Mayi anali atang'amba kansalu ka chitenje kuti tizigwira wina uku wina uku. Pa kilomita yachiwiri ndinali ndikupuma ngati pampu ya njinga. Bambowo anaima, osatuluka ndi thukuta lomwe.

"Achimwene, ku City Centre kuja mumapita pa minibasi eti?"

"Masiku ena."

"Chabwino. Ndiye tiyambira pa inu."

Sanakwiye. Ndikuganiza kuti anali atafunsa kale anthu ambiri ooneka bwino, ndipo wabodza yekhayu ndi amene anafika pageti. Kuyambira tsiku limenelo ndinkawatchula kuti adada, monga ankawatchulira aliyense pakhomo pawo. Kansalu kaja kankaterera ndi thukuta, choncho ndinaluka zingwe zitatu za nsapato n'kupanga chingwe chachifupi chokhala ndi pogwira mbali zonse. Anachiyeza m'manja n'kunena kuti ichi chokha ndi katundu weniweni amene wachokera pabenchi panga.

Lachiwiri ndi Lachinayi anali masiku a liwiro. Tinkapita ku Area 11 kumene misewu ndi yabata, agalu ali mkati mwa mipanda. Ndinkawerenga mapolo a magetsi: asanu tikuthamanga ndi mphamvu zonse, atatu tikupumira m'kathamangidwe kopepuka, kenaka asanu ena, mpaka kakhumi. Masiku ena tinkakwera chitunda cha ku Capital Hill, kutsika, kukweranso, alonda a m'maofesi akutiseka. Mtunda wautali unavuta tsiku lake. Loweruka sindikanalola, ndi tsiku la malonda. Lamlungu iwo ndi munthu wa tchalitchi. Tinanenererana mpaka tinagwirizana kuti Lamlungu tiziyamba 5 koloko, iwo azikalowa mapemphero achiwiri.

Pageti ndinkayesabe mwayi wanga.

"Lero makilomita 24," ankatero.

"Adada, 18."

"24."

"Tikumane pa 20, tonse tipite kunyumba osangalala."

"Mtunda si tomato, achimwene. Gwirani chingwe."

Vuto langa lina linali loyamba ndi moto. Ankandikoka ndi chingwe ngati mbuzi. "Inu mumathamanga ngati wogulitsa," ankatero. "Mumayambira kumwamba n'kumatsika. Thamangani ngati wogula. Yambirani pansi, muzikweza pang'onopang'ono, ndipo zenizeni muzitulutse kumapeto." Iwo ankachitadi zimenezo. Makilomita awiri omaliza ankawasungira mphamvu yapadera, ndipo akaitulutsa ndinkaona munthu amene anali zaka makumi atatu zapitazo.

Ntchito yanga yaikulu inali kulankhula, ndipo pamenepo sindinkafuna mphunzitsi. Dzenje kumanja. Hampu, kwezani phazi. Kabaza akubwera, tiyeni kumanzere. Mwana wawo anali atatumiza wotchi yowerenga makilomita, ndipo ndinkaivala ine n'kumawauza. Nthawi ya jakaranda itafika, anamva maluwa akuphwanyika kunsi kwa nsapato n'kundifunsa ngati mtengo waukulu wa pakona uja ulipobe. Ndinati ulipo, ndipo msewu wonse wavala.  Kenaka anati, "Ndinkadutsa pano pagalimoto zaka zonse zija, osayang'ana."

Kutatsala masabata atatu kuti mpikisano uchitike, tinanyamuka ulendo wathu wautali kuposa yonse, makilomita 32. Tinadzera njira yatsopano imene iwo sankaidziwa bwino. Dzuwa la mwezi umenewo linafulumira kutuluka. Pofika pa 27 chingwe chinayamba kulemera. Ndinkamva mapazi awo akukhula phula.

"Atsala angati?"

Ndinayang'ana wotchi. Anatsala asanu. Ndinayang'ananso nkhope yawo, milomo itauma, ndipo ndinawamvera chisoni. Pakamwa panga panachita zimene panazolowera kuchita kasitomala akafuna kuchoka.

"Awiri okha, adada."

Anawongola msana. Chingwe chinapepuka, kenaka chinayamba kundikoka ine. Anathamanga mokongola kwambiri, ndipo mumtima ndinkadzitama kuti ndapeza mankhwala. Awiriwo atatha anachepetsa liwiro okha, chifukwa thupi lawo linkadziwa kutalika kwa makilomita awiri. Anatambasula dzanja kufuna geti lawo. Panalibe geti. Panali mpanda wa eni ake ndi msewu wopitirira.

"Tili pati?"

"Katsala kakang'ono."

Anayesa kupitiriza. Sitinapite patali, mnofu wa kuseri kwa ntchafu unakoka. Anakhala pansi m'mphepete mwa ngalande, atagwira mwendo. Ndinaimbira mayi kuti abwere ndi galimoto. Tikudikira, anandifunsanso mofatsa kuti anatsala angati nthawi ija. Ndinawauza.

Sanakweze mawu. "Kasitomala wanu mukamunamiza, amayang'ana nsapato ndi maso ake. Akapanda kukhutira amapita benchi ina. Ine ndilibe benchi ina, achimwene. Mukati awiri, ndimatulutsa zonse zimene ndasungira awiri."

 Tsiku limenelo sanapite kutchalitchi.

Panapita masiku khumi foni ili zii. Ndinkadzukabe m'mawa n'kumathamanga ndekha, chingwe chili m'thumba, ndipo kawiri konse ndinadzimva ndikuuza mphepo kuti kuli hampu. Mayi a kunyumba kwanga anandifunsa kuti kodi tsopano ndikuthamangira ndani. Pabenchi malonda sankakoma. Mnyamata wina atafunsa ngati nsapato ina inali yachikopa chenicheni, ndinangoti ayi, mnzanga wa benchi yoyandikana n'kundifunsa ngati ndadwala malungo. Chimene chinkandidya sichinali manyazi okha. Ndinkadziwa kuti masabata atsala ochepa, kuti mwendo ukapanda kuchira kapena iwo akapanda kundikhulupiriranso, apakira katundu wawo n'kupita kumpoto osathamanga, ndipo wowalanda ndine.

Tsiku la khumi ndi limodzi akazi awo a adada anaimba. "Akuti mawa 5 koloko. Mwendo ukulola pang'ono."

Pageti sitinakambe za tsiku lija. Anangotambasula dzanja, ine n'kuikamo chingwe. Anati tithamanga asanu ndi atatu mopepuka. Sindinanenerere.

Pa tsiku la mpikisano tinayamba ngati ogula. Anthu ankatidutsa mbali zonse, ena ovala nsapato zimene ndinazizindikira kuti zinachokera pabenchi panga. Mapazi ankandiyabwa, koma chingwe chinkandikumbutsa. Titadutsa theka tinayamba kuwatola mmodzimmodzi, ena akuyenda atagwira m'chiuno. Ndinkawauza adada aliyense amene tamudutsa. "Uyu ndi wa jezi yofiira uja anatikankha poyambira." Ankangoti, "Mupatseni moni."

Pa 35 chingwe chinalemera monga tsiku lija. Mwendo uja unayamba kukoka pang'ono, ndinkaona mmene ankaupondera. Nanenso m'maso munkachita mdima.

"Atsala angati?"

Bodza linafika palilime lokha, lokonzeka, lotsika mtengo bwino. Ndinalimeza.

"Asanu ndi awiri. Kutsogoloku kuli chitunda chachitali. Ndipo tatsalira m'mbuyo ndi mphindi zinayi pa nthawi yathu."

Anapuma kawiri katatu. "Zikomo," anatero. "Ndiye chitundacho tichikwere mwaulemu. Tikafika pamwamba mundiuze."

Tinachikwera mwaulemu. Pamwamba ndinawauza. Kilomita iliyonse ndinkaitchula monga inalili, ndi mphindi zake, ngakhale pamene zinali zonyansa kumva. Pa 40 ndinati, "Awiri, adada. Awiri enieni." Anaseka ndi mpweya umene analibe, kenaka anawongola msana. Sindikudziwa kumene anazisunga mphamvu zimenezo. Chimene ndikukumbuka ndi chakuti kumapeto ndi iwo ankandikoka ine, ine ndikungofuula za maenje ndi anthu, ndipo penapake ndinamva mawu a mayi akuitana m'Chitumbuka.

Titadutsa mzere tinagwirana kuti tisagwe. Mutu wawo unali paphewa panga, thukuta lathu litasakanikirana. Atapezako mpweya anafunsa.

"Nthawi?"

Ndinayang'ana wotchi nthawi yaitali kuposa mmene inkafunikira.

"Maola anayi ndi mphindi 32."

 Ndinkamva mtima wawo ukugunda pachifuwa panga. Miyezi isanu ndi itatu, mapolo onse aja, mapemphero oyamba onse amene anaphonya, n'kuperewera ndi mphindi ziwiri. Ndinkadziwanso kumene mphindi ziwirizo zinatayikira: m'mphepete mwa ngalande ija, ndi masiku khumi amene anakhala pampando mwendo uli pamtsamiro. Ndinayamba kunena zimenezo, koma anandifinya dzanja.

"Achimwene," anatero, "simungatsitseko pang'ono? Ndine kasitomala wanu wakale."

"Womaliza umenewo, adada."

"Ndiye ndatenga."

Mayi anafika ndi madzi ndi nthochi, akulira ndi kuseka nthawi imodzi. Adada anamwa, anandipatsa botolo, koma chingwe sanachisiye. Tinayenda nacho choncho mpaka kugalimoto, ine ndikuwauza pamene pali miyala.