Malalanje a Alamu Anga

Atandichotsa chotupa pansi pa khutu, pa kachiwalo kopanga malovu, dokotala wa ku Bolton, kuno kunja komwe tikukhala, anandichenjeza kuti zowawasa ayi, mpaka bala litatseka. Akuti zimadzutsa malovu, malovuwo n'kudzadza m'balamo. Ine mtima unali pa chinkhoswe cha mwana wanga wamkazi, chomwe chinali pafupi. Sindinkafuna kukaima pamaso pa asewere anga tsaya lili ngati chitumbuwa.

Koma kwathu wodwala sazondedwa chimanjamanja. Loweruka anatulukira alamu anga, akazi a achimwene, ndi jumbo ya malalanje. Iwowa ndi namwino, zaka zambirimbiri m'chipatala. Anangokhala pansi n'kuyamba kusenda.

"Idyani alamu, mupeze mphamvu."

"Adokotala andiletsa," ndinatero.

"Aaa, kachidutswa komweka? Kapena mukuganiza kuti ndathiramo kanthu?"

Pamenepo ukayankha chiyani? Kukana chakudya cha m'bale n'kumutchula mfiti. Amuna anga anandiponyera diso lija loti usatichititse manyazi. Ndinadya, ululu n'kulasa mpaka m'khutu. Alamuwo anapitiriza kundipatsira mpaka lalanje linatha.

Pofika Lolemba tsaya linali litatupa, madzi akuchucha pabala ndikangotafuna. Kuchipatala anapopa ndi jakisoni n'kundikulunga bandeji mutu wonse. M'basi yobwerera ndinapsa mtima koopsa. Namwino wathunthu osadziwa zimenezi? Amuna anga ankati alamuwo amagwira kuwodi ya okalamba, za malovu angazidziwire kuti. Eya, mwina. Nanga si omwewa anang'ung'udza kuti mwana wanga akuyamba kukwatiwa, wawo wamkulu adakali pakhomo? Ndikanena zimenezi bambowo ankangopukusa mutu, ati mankhwala akundilankhulitsa.

Bala linachedwa kutseka, chipsera n'kukhuthala. Ndinkachisisita m'mawa ndi madzulo ndi mafuta amene anandipatsa kuchipatala, koma chinkhoswe chinafika chikuonekabe.

M'mawa wa tsikulo alamu analowa kuchipinda kwanga osagogoda.

"Khalani apa, ndikumangeni duku."

Analimanga motsitsa mbali ya khutu, mwaluso zedi, chipsera chonse n'kubisika. Anthu anandiyamikira tsiku lonse, ngakhale asewere sanaone kanthu. Ndinasangalala, sindinama. Koma kodi chinali chifundo, kapena kufufuta mapazi? Sindidziwa.

Mpaka lero akabwera ndi chakudya ndimalandira ndi manja awiri, ndimathokoza kwambiri. Akangotuluka, chimapita m'bini.