Bambo Anadziika Pamapeto pa Mndandanda

Bambo anga anali mlimi wa ng'ombe za mkaka, ndipo alimi anzawo ankawatcha Mtsekamipata. Dzinali linabwera chifukwa sankatha kudutsa pa mpanda wa waya wophwasuka osaima n'kuukonza, ngakhale mpandawo ukhale wa munthu amene sagwirizana naye. M'thumba la ovolosi yawo simunkasowa pulayala ndi misomali yokhomera waya. Anamwalira ndi matenda a kafumbata ali ndi zaka 58, ndipo ndikufuna kulongosola mwadongosolo mmene zinachitikira.

Sukulu anailekera kalasi yachinayi. Ali ndi zaka khumi ndi zisanu analembedwa ntchito yokama ng'ombe pa famu ya munthu wina, ndipo anagwirapo zaka khumi ndi ziwiri. Pochoka anatenga mwana wa ng'ombe mmodzi wamkazi, wolumala khutu, amene mwini famu sankamufuna. Kuchokera pa kang'ombe kameneko khola lathu linakula mpaka ng'ombe khumi ndi imodzi. Mkaka wake ndi umene unandiphunzitsa mpaka ndinalandira digiri ya ulimi wa ziweto.

Pa famu ya bwana wawo uja bambo anaphunzira lamulo limodzi limene analisunga moyo wawo wonse. Chaka china ng'ombe zonse zinabayidwa katemera tsiku limodzi, ndipo m'mawa mwake zonse zinali zofooka, mkaka unatsika, zigubu zinabwerera zopanda kanthu. Kuyambira pamenepo ankati chilichonse chofooketsa thupi chizichitika mosinthana. Ng'ombe zathu ankazibayitsa ziwiriziwiri. Sanaphonyepo katemera wa chiweto ndi mmodzi yemwe. Iwo eni jakisoni anali asanabayidwepo chibadwire.

Nkhani ya katemera wa anthu inabwera ndi alamu anga, akazi a achimwene. Anali oyembekezera, ndipo kusikelo anawabaya wa kafumbata. Namwino atamva kuti amakhala pa famu ya ng'ombe, anawatuma kuti akauze onse a pakhomo kuti nawonso abwere, pakuti tizilombo ta matendawa timakhala m'dothi ndi m'ndowe, ndipo timalowera pa bala. Alamu anafotokoza zimenezi masana ena tikudya pakhonde. Analipo mayi, achimwene, ine amene ndinali nditangobwerako kuyunivesite, ndi akami athu, bambo wachikulire amene anagwira ntchito nafe zaka zambiri.

Ndinaikirapo ndemanga yaitali. Ndinalongosola kuti bala laling'ono lakuya ndi loopsa kuposa lalikulu lotseguka, ndiponso kuti munthu amene sanabayidwepo amafunika kubwerezedwa kangapo kuti atetezeke. Bambo anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Mwamva, amake ana?" anatero. "Mkaka wathu uja ukulankhula Chingerezi tsopano."

"Musiyeni mwana anene," anayankha mayi. "Munamutumiza kusukulu kuti akaphunzire kukhala chete?"

Bambo sanakane. Anatembenukira kwa alamu n'kufunsa funso limodzi lokha. "Mkonowo unatani atakubayani, mpongozi?"

"Unalemera masiku awiri, apongozi. Ndowa ya madzi sindinkatha kuinyamula."

"Basi, ndamva. Tipita tonse, koma mmodzimmodzi. Lachitatu lililonse munthu mmodzi."

Ndinatsutsa. Ndinati tipite onse asanu tsiku limodzi nkhani ithe.

"Ndiye ng'ombe khumi ndi imodzi zikame zokha?" anafunsa bambo. "Kapena digiri yako ili ndi zala? Mikono isanu ikalemera pamodzi, mawere atupa. Tenga cholembera, bwana wophunzira, ulembe."

Ndinalemba mmene ananenera. Mayi anali oyamba, chifukwa ankagwira khasu m'dimba la nsipu opanda nsapato. Achiwiri anali akami, chifukwa manja awo anali ong'ambikang'ambika. Akamiwo anadandaula kuti singano amaiopa kuposa nyanga ya nkhunzi, ndipo achimwene anawalonjeza kuti akawagwira miyendo monga timachitira ndi thole. Achitatu anali achimwene, wachinayi ine. Bambo anadziika pamapeto. Anati pofika sabata yachisanu adzakhala atamaliza kusintha waya wa khola lakumunsi, ntchito imene sankafuna kuigwira ndi mkono wolemera. Mndandandawo ndinaulemba bwino, ndi mizere yojambula ndi rula, n'kuumata kuseri kwa chitseko cha chipinda chosungira zigubu.

Masabata awiri oyamba anayenda monga tinalembera. Mayi anapita, anabwerako, ndipo bambo anawaletsa kutunga madzi masiku awiri, iwo eni n'kumatunga. Akami anapita, ndipo pobwera anati namwinoyo ali ndi dzanja lopepuka kuposa la bambo akamabaya ng'ombe.

Loweruka la sabata yachitatu bambo anali m'khola lakumunsi akuzula waya wakale. Kunali kutagwa mvula, ndipo m'kholamo munali matope osakanikirana ndi ndowe. Chidutswa cha waya chimene chinakwiririka m'matopemo chinaboola jombo n'kuwalasa kuphazi lakumanzere. Sanauze munthu. Anavula jomboyo, anatsuka phazi pa mpope wa pomwera ng'ombe, n'kupopera mankhwala ofiirira amene timapopera pa mabala a ziweto. Umo ndi mmene ankachitira ndi bala lililonse kwa zaka makumi anayi, ndipo mabala onsewo anapola.

Ine ndinadziwa tsiku lotsatira. Ndinawapeza atakhala pa kampando kokamira akuvala sokosi, phazi litafiira ndi mankhwala aja.

"Chachitika n'chiyani kuphaziko, bambo?"

"Waya wandipatsa moni."

Ndinagwada n'kuliyang'ana. Linali kabowo kakang'ono ngati mutu wa machesi, ndipo kanali katayamba kale kutsekeka.

"Mawa tipite kuchipatala," ndinatero.

"Mawa? Lachitatu lino ndi lako, iwe. Langa ndi linalo. Unalemba wekha, ndi rula yemwe. Masiku khumi ndi chiyani? Taona, lauma kale."

Ndiyenera kulemba zoona pano. Ndinkadziwa kuti bala lotere siliyembekeza tsiku la katemera, kuti munthu ayenera kupita tsiku lomwelo akalitsuke bwino ndi kumupatsa jakisoni woyenera. Ndinali nditanena ndekha pakhonde paja kuti bala laling'ono lakuya ndilo loopsa. Koma bambo anali kuseka, balalo linkaoneka loyera, ndipo ndinaganiza kuti munthu amene wavomera kale kupita si wofunika kumukangana nayenso. Ndinangowauza kuti asalowe m'matope kwa masiku angapo. Anavomera, n'kulowamo masana omwewo.

Lachitatu ndinapita kukabayidwa. Sindinamuuze namwino za phazi la bambo.

Lamlungu lotsatira, patatha masiku asanu ndi atatu chilasidwire, bambo anasiya chakudya chawo m'mbale. Anati nsagwada zikulemera, mwina ndi dzino lakumapeto limene linkawavutitsa nthawi zina. Mayi anawafundutsira madzi a mchere. Lolemba m'mawa anapita kokama monga mwa masiku onse, koma akami anabwera kunyumba akuthamanga.

"Amayi, bwerani mudzaone. Bwana akulephera kuitana ng'ombe."

Ng'ombe iliyonse inali ndi dzina, ndipo bambo ankaziitana imodziimodzi kuti zilowe pokamira. Tinawapeza ataima pa chipata, khosi litauma, akuyesa kutsegula pakamwa, mawu akutulukira m'mano. Ng'ombe zinali zitaunjikana kutsogolo kwawo zikudikira. Pamenepo ndinadziwa chimene chinali, ndipo achimwene ataona nkhope yanga anathamangira kukapempha galimoto yonyamula mkaka.

M'galimotomo bambo ananditsina pa bondo. Ndinayandikitsa khutu.

"Mwa...kama?" anafunsa.

"Akami akukama, bambo. Alamu akuthandiza."

"Mpongozi ayi. Asanyamule."

Kuchipatala anawagoneka m'kachipinda kapaokha, kotchinga mawindo ndi nsalu zochindikala, chifukwa kuwala ndi phokoso zimautsa kukokana kwa minofu. Dokotala anafunsa za bala, ndipo ndinamuuza tsiku, malo ndi mtundu wa waya. Anafunsa ngati wodwalayo anabayidwapo katemera.

"Tsiku lawo linali mkuja, Lachitatu," ndinayankha.

Dokotalayo analemba. Kenaka anandiuza mofatsa kuti katemera wa Lachitatulo sakanakwanira kuwateteza pa bala limeneli, ndipo chimene chikanathandiza kwambiri chinali kubwera tsiku la bala. Ndinamuuza kuti zimenezo ndinkazidziwa.

Anatsegula phazi lija n'kulitsuka, anawapatsa mankhwala olimbana ndi poizoni wa tizilombo ndi ena ofewetsa minofu. Anatilola kulowa mmodzimmodzi, titavula nsapato kuti tisachite phokoso. Chitseko chikangomenyeka kwina m'khonde la chipatala, msana wa bambo unkapindika, zala n'kufumbatika, thukuta n'kutuluka thupi lonse. Chowawa kwambiri chinali chakuti nzeru zawo zinali bwinobwino. Ankamva zonse, ankatizindikira tonse. Mayi anapangana nawo kuti akafuna kuvomera aziphethira kamodzi, akafuna kukana kawiri.

Tsiku lachitatu m'chipatalamo mayi anatuluka m'kachipindako n'kundipeza pa benchi. Anakhala pansi pafupi nane, manja ali pa miyendo.

"Iwe unaliona phazi lija?" anafunsa.

"Ndinaliona, mayi. Tsiku lotsatira atalasidwa."

"Inenso ndinaliona. Ndinachapa sokosi yawo ili ndi magazi. Ndinati nkhalamba iyi yazolowera. Ndawafunsa ngati akukukwiyira. Aphethira kawiri. Lowa, akukufuna."

Ndinalowa. M'chipindamo munali mdima ngakhale kunja dzuwa linali pamutu. Ndinagwada pambali pa bedi n'kulankhula monong'ona. Ndinawauza kuti mkaka wa m'mawa unakwana zigubu zinayi, kuti ng'ombe yakuda imene inali ndi bere yabereka thole lamphongo ndipo layamwa bwino, kuti alamu sakunyamula kanthu. Pa chilichonse ankaphethira kamodzi. Ndinali nditakonza mawu ena opepesa, ndinawayeseza pa benchi paja, koma nditayamba kuti, "Bambo, za phazi lija," anaphethira kawiri, n'kuphethiranso kawiri. Ndinasiya. Ndinapitiriza kuwauza za nsipu ndi za madeya amene anatsala matumba atatu.

Anakhala masiku ena awiri. Loweruka cha m'ma teni koloko m'mawa kukokana kunafika pa chifuwa, ndipo kupuma kunawakanika. Madokotala anayesetsa kwa nthawi yaitali ife tili panja. Mayi ndi amene anaitanidwa poyamba. Atatuluka sanalire nthawi yomweyo. Anandiuza kuti ndiimbire foni achimwene, amene anatsala ku famu.

Foni inaitana kwa nthawi yaitali. Atayankha, ndinamva ng'ombe zikulira chapafupi ndi chitsulo cha ndowa chikugunda pansi. Ndinawauza. Kenaka ndinawamva akulankhula ndi akami.

"Agogo, imani kaye. Khalani pansi, ndikuuzeni."