Galu Wodzalanda Ntchito ya Mayi Papasa

Pa geti la depoti ya mabasi pali mayi wina amene anthu amangowatcha Mayi Papasa. Ntchito yawo ndi kupapasa azimayi olowa ndi kusuzumira m'zikwama. Manja awo ndi ogirigisha moti ngakhale wopita ku maliro amadutsa mano ali pamtunda.

Tsono kutsidya kwa nyanja, m'dziko limene iwo sangaliloze pa mapu, bomba linaphulika pa siteshoni. Boma la kuno linalamula kuti paliponse podzaza anthu chitetezo chikhwime. Mabwana a depoti anadzitsekera mu ofesi ya fani yolira kwekwekwe, n'kuyamba kukangana. Wina ankafuna chitseko cha makina cholira chikamva chitsulo. Mnzake anati chimenecho chizilirira makiyi ndi mapoto, mzere n'kukafika kumsewu, magetsi akathima n'kusanduka felemu chabe. Wina atatchula makamera, anzake anamuyankha kuti kamera ndi mlamu wofika ntchito itatha. Pomaliza anagwirizana zoyesa galu wonunkhiza mabomba. Galuyo anabwera ndi mphunzitsi wake kudzazolowera malo tsiku la mayeso lisanafike.

Wosesa mu ofesimo, amene makutu ake amasesa kuposa tsache, anawanong'oneza Mayi Papasa kuti galuyo akakhoza, iwo akapume kunyumba.

"Ine, kulandidwa ntchito ndi chamiyendo inayi?"

Anapangana ndi wa butchala. M'mawa uliwonse fupa m'thumba la yunifomu, kuti galuyo anenepe, achite ulesi, aiwale sukulu. Galu anadya ndithu, mchira pukupuku. Koma sukulu sanaiwale. Anaiwala mphunzitsi wake.

Tsiku la mayeso mabwana anabisa onga wa bomba m'chikwama china, n'kuima manja kumbuyo. Mphunzitsi analamula, analiza mluzu, anakuwa mpaka mawu kusasa. Galu phee, watsamira nsapato za Mayi Papasa, maso pa thumba. Anthu anayamba kuseka, mayi thukuta kamukamu.

"Pita iwe, usandiyalutse pa anthu," anatero mayiwo chapansipansi.

Galu nyamu! Ananunkhiza apa, apo, n'kukakhala pambali pa chikwama chija.

Bwana wamkulu anakanda dazi kwa kanthawi. "Mayi, galuyu mwamudyetsa chiyani?"

"Ulemu basi, bwana," anayankha, dzanja likukankhira fupa pansi pa thumba.

Poti galu wasankha yekha womumvera, mabwana anangovomera kuti mayiwo aphunzitsidwe kumugwira. Lero amayenda pakati pa mabasi chingwe m'manja, chifuwa patsogolo, ndipo akamva pa wailesi kuti kwinakwake kwavuta, amamuweramira galuyo n'kumuuza kuti, "Wamva, mnzanga? Ntchito yatipezanso."