Dengu la Amai Helen Besa

Bambo Mfumu andipempha kuti ndilembe za Amai Helen Besa m'kalata ya parishi ya mwezi uno, poti ndinapemphera nawo mu mphakati wa Marita Woyera zaka zoposa makumi atatu. Ndavomera, koma sindikometsera kanthu. Eni akewo akanandikalipira.

Anabadwa mu 1951 m'mudzi wina kufupi ndi Katete, mwana wachitatu m'banja la alimi a mtedza. Sukulu anaisiyira m'kalasi lachinayi, chaka chimene amayi awo anafa miyendo ndipo panalibe wina wowasambitsa. Kuwerenga ankadziwa, koma pang'onopang'ono, chala chili pamzere. Mu 1972 anabwera ku Lusaka kudzalera ana a mlongo wawo ku Kabwata, ndipo kumeneko anakumana ndi ba Gerald Besa a ku Luapula, mesenjala wa m'maofesi a boma. Anadalitsa ukwati, nasamukira kuno ku Chelstone. Ana anabereka asanu, awiri anaika m'manda. Pamsika ankagulitsa ndiwo za lepu ndi impwa, ndipo Misa ya m'mawa ankaimvera thumba la ndiwo atalitsamiritsa pakhomo la tchalitchi.

M'zaka zimene matenda aja ankatha anthu nyumba ndi nyumba, ba Helen anali m'gulu la amayi osamalira odwala m'makomo. Ankasambitsa anthu amene abale awo ankaopa kuwakhudza. Choncho kakiliniki ka kumapeto kwa komboni yathu katafuna komiti ya anthu a m'dera, dzina lawo linali loyamba kutchulidwa, langa lachiwiri. Ntchito ya komitiyo inali kuona ngati zimene boma lanena kuti latumiza zafikadi. Kunena zoona, ife tinkadziwa kusesa pabwalo ndi kuimbira alendo, basi.

Mu 2016 mankhwala a kuthamanga kwa magazi, amene tonse timangoti a BP, anatha pakiliniki. Wodwala akafika ankamuyeza bwinobwino, kenako kumupatsa kapepala kolembedwa dzina la mankhwala kuti akagule yekha ku kemisti. Nkhalamba zambiri zinkangopinda kapepalako n'kubwerera kunyumba. Ba Gerald, amene anali atapuma ntchito, anali m'modzi wa iwo, koma kunyumba sankanena.

Mwezi wa Juni tinamva kuti kukubwera bwana wa ku ofesi ya zaumoyo kudzayendera. Khansala wa nthawi imeneyo analamula kuti malo aoneke bwino. Miyala tinaipaka laimu, maluwa tinabwereka kutchalitchi. Kenako nesi wamkulu, ba Sister Rachael Chiti, anatiitanira kuchipinda cha mankhwala, nkhope ili gwa.

"Ba mayo, nipempako, tiikeko chabe makatoni pa shelefu," anatero. "Akaona palibe vinthu, bazakamba ati ndine nagulisa."

Makatoni opanda kanthu anali mulu kuseri. Ba Helen anali munthu waudongo, ndiye ndi amene anawapukuta n'kuwasanja, zilembo zonse kuyang'ana kutsogolo. Ndikukumbukira mawu awo kwa ine: "Ba Cathy, ndipatsireni linalo. Mlendo sitimuonetsa mbale yopanda kanthu. Kwathu timapha ngakhale nkhuku yobwereka."

Bwana uja anafika, anasuzumira pawindo, anagwedeza mutu. "Apa muli bwino," anatero, nalemba m'buku lake. Tinaimba, tinalulutira, ndipo ba Helen anagwada monga mwa mwambo n'kumupatsa dengu la mtedza lovundikira ndi chitenje. Galimoto ya mankhwala ya mwezi umenewo inadutsa pamsewu kupita kumakiliniki amene anaonetsa mashelefu opanda kanthu. Kwathu kunapita miyezi ina itatu tikulandira timapepala.

Mu Sepitembala ba Gerald anagwa akuthirira ndiwo kuseri kwa nyumba. Mbali imodzi inafa, pakamwa panapotoka. Pochapa shati imene anavala tsikulo, ba Helen anapeza m'thumba timapepala titatu, topindidwa mwaukhondo. Anawasamalira amuna awo zaka ziwiri, kuwatembenuza, kuwamwetsa phala ndi sipuni, mpaka anamwalira mu 2018 osalankhulanso.

Patapita sabata zingapo maliro atachitika, ba Helen anaimirira mu mphakati titangomaliza kolona.

"Ine ndinachita umboni wonama," anatero. "Pakamwa sindinaname, koma makatoni aja ndinasanja ndine."

"Iyayi ba Helen, tonse tinalipo," ndinatero, pofuna kuwapepuza.

"Ndiye tonse tikalape."

Palibe anaseka. Loweruka limenelo mzere wa kolapira unali wautali kuposa masiku onse.

Kuyambira pamenepo, Misa ikatha ankaima pakhomo ndi dengu lomwe lija, limene dalaivala wa bwana anabweza mtedza utatha. Aliyense amene anali ndi kapepala ka kukiliniki ankakaponya m'menemo. Kuseri kwake tinkalemba dzina la mwini ndi tsiku, ndipo wolemba ndinali ine, chifukwa dzanja lawo linali lochedwa. Ena ankachita manyazi, n'kumaponya mobisa ngati chopereka chochepa. Ba Helen ankangowauza kuti, "Ukabisa matenda, maliro adzaulula. Ine anandiululira kale."

Mu 2019 kunabweranso mlendo, wamkulu kuposa woyamba uja. Miyala inapakidwanso laimu, makatoni anatulukanso. Ba Helen anakana kuwakhudza, koma zogwada ndi mphatso anavomera, moti khansala anakondwa. Tinaimba, iwo anayenda ndi mawondo mpaka patebulo, natula dengu. Bwana anachotsa chitenje akumwetulira. Munali mapepala okhaokha, odzaza mpaka pakamwa, ndipo kamphepo kanaulutsa ena n'kuwagwetsera pansapato zake. Nyimbo inatithera pakhosi.

"Ni chani ichi, amai?" anafunsa bwana.

"Ndi mankhwala athu, bwana. Ndi amene takhala tikumwa chaka chino." Anali chigwadire, mawu otsika. "Mukatsegule makatoni aja. Koma ba Sister musawakalipire, amapereka zimene mwatumiza."

Bwana analowa m'chipinda chija. Tinamva makatoni akugwa limodzilimodzi, opepuka ngati makoko a chimanga. Anatuluka osatsanzika bwino, koma dengu anauza dalaivala kuti anyamule.

Musaganize kuti zinatha ngati nthano. Galimoto inabweradi patapita sabata ziwiri, ndipo mankhwala analipo miyezi isanu, kenako anasowanso. Ba Helen anachotsedwa mu komiti, akuti anachititsa dera manyazi pamaso pa alendo. Ba Sister Rachael anasamutsidwira kutali, kumbali ya Chunga. Ngakhale m'tchalitchi muno ena tinati mayiyu alibe ulemu. Ine ndemwe ndinatha sabata yathunthu ndikuwapatsa moni wa pamphuno, ndipo ndikulemba izi ndi manyazi.

Za komiti sizinawapweteke, koma za ba Sister zinawawawa kwambiri. Anakwera maminibasi awiri kukapepesa ku Chunga. Pobwera anangondiuza kuti ba Sister analira, kenako ba Sisterwo anawauza kuti, "Ba mayo, olo kuno mankhwala kulibe. Mubwelese dengu inangu."

Ba Helen anagula dengu latsopano pamsika. Lolemba loyamba la mwezi uliwonse ankakwera minibasi kupita m'tauni, dengu pamiyendo, kukakhala pabenchi la kuofesi ya zaumoyo. Sankatukwana, sankakweza mawu. Ankangopemphera kolona mpaka wina atalandira mapepalawo n'kudinda lililonse, kuti pasadzapezeke wonena kuti sanauzidwe. Masiku ena ankadikira mpaka masana, ena ankabwezedwa kuti abwana ali kumsonkhano. Mtsikana wa pakauntala, ba Annette, anayamba kuwatchula ba mayo ba mapepala, poyamba monyodola, pambuyo pake akuwasungira mpando. Mankhwala ankabwera, n'kusowa, n'kubweranso, koma makatoni opanda kanthu sanakwerenso pashelefu ya kiliniki yathu.

Pa mapemphero a mphakati ankapempherera akuluakulu a boma aliyense ndi udindo wake, kuyambira kwa khansala. Tsiku lina ndinawafunsa ngati satopa kupempherera anthu owabweza pakhomo. Anati, "Boma ndi anthu, ba Cathy, makutu ali nawo. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko."

Chaka chino kuzizira kwa mu Juni kunawapeza ofooka. Mutu unkawawa, miyendo inatupa. Mwana wawo Emmy anabwera kuchokera ku Kabwata kudzawayang'anira. Lachisanu analandira masakramenti a odwala ali ndi nzeru zawo zonse. Loweruka masana ndinapita kukawaona, tinapemphera kolona atatu, ndipo titamaliza anandikoka dzanja.

"Mkuja ndi Lolemba loyamba. Dengu lili pansi pa bedi."

"Mudzapita nokha mukachira," ndinatero.

"Ba Cathy, inu ndi bodza laulemu simunasiyanebe?"

Anamwetulira, natseka maso ngati munthu wotopa ndi msika. Dzuwa lisanalowe anali atapita, kolona ili m'manja.

Lolemba m'mawa, anthu akadali pamaliro, ndinatulutsa dengu ndi kukwera minibasi. M'njira ndinavundukula chitenje kuti ndisanje mapepala. Pamwamba penipeni panali limodzi limene sindinalembe ine. Zilembo zake zinali zazikulu, zokhotakhota: Helen Besa, 14 Meyi. Kaya mankhwalawo anagula, kaya ayi, Emmy sakudziwa, inenso sindikudziwa.

Ba Annette atandiona ndekha anasuzumira kumbuyo kwanga. "Ba mayo bali kuti lelo?"

Ndinaika mapepala pakauntala, lija ndinaliika pansi pa onse. Anadinda limodzilimodzi monga mwa masiku onse. Atafika pa lomaliza anawerenga dzina, chidindo chili m'mwamba. Kenako anadinda, nanyamuka, nalowa nalo yekha m'ofesi ya abwana osagogoda.

Tinawaika Lachitatu pafupi ndi ba Gerald. Ambuye awapatse mpumulo wosatha. Dengu lili pakhomo la tchalitchi, pambali pa madzi odalitsa, ndipo Lolemba loyamba la mwezi wamawa tikwera minibasi amayi anayi. Inu amene muli ndi kapepala m'thumba la shati, katulutseni akazi anu asanakapeze pochapa.