Ellina Anakana Kuika Thunthu la Nthochi

Ellina Namakhwa anabadwa pa 3 Juni 1989 ku Nchema, kumene timitsinje timalekeza m'mawondo. Ndinamuphunzitsa Sitandade 5 mu 2000. Pa 11 Janyuwale 2012 anapita ku Mangochi kukasankha nsomba pa kampani ina yoweta chambo m'makhola a m'madzi. Pomatha zaka zitatu anali ataphunzira kubira pansi, silinda ya mpweya ili kumsana, kukasoka maukonde obooka. Akabwera kumudzi amuna ankamuseka kuti mkazi wanji wolimbirana ntchito ndi ng'ona.

Lachiwiri pa 6 Febuluwale 2024, mchimwene wake Benedict anaterereka pakhoma la damu la sikimu ya ulimi wothirira litadzaza ndi mvula, ndipo sanatulukenso. Anthu anafufuza ndi nsungwi masiku atatu, osamupeza. Lachisanu amalume awo, a Bonifasio, anadula thunthu la nthochi loti aliike m'bokosi, monga timachitira mtembo ukasowa. Tsiku lomwelo Ellina anatsika pakabaza ndi masilinda awiri.

"Amalume, m'bokosimo muli ndani?"

"Usatichedwetse iwe. Manda akumbidwa kale."

"Achimwene sanali nthochi. Ali m'damumo, ndikawatenga."

Loweruka m'mawa Ellina anadzimanga chingwe m'chiuno. Anatifotokozera kuti m'madzi amatope maso sagwira ntchito, munthu amakwawa pansi n'kumafufuza ndi manja. "Ndikagwedeza chingwe kamodzi ndiye kuti ndili bwino. Musandikoke. Ndikwera ndekha, pang'onopang'ono."

Chingwecho anagwira amuna anayi odziwa kukumba zitsime. Kwa iwo chingwe chikagwedezeka ndiye kuti ndowa yadzaza kapena mnzawo akubanika, ndipo manja amakoka okha. Patapita mphindi khumi chinagwedezeka kamodzi. Anakoka mothamanga, akuimbirana.

Ellina anatulukira magazi akutuluka m'mphuno. Atapeza mpweya anakalipa mpaka okhala kutsidya anamva.

"Ine ndine ndowa? Mpweya wa m'silinda umafufuma m'chifuwa munthu akamakwera. Ndikanapanda kuutulutsa njira yonse, bwenzi mapapo ataphulika!"

"Mwaonatu," anatero a Bonifasio. "Tiike nthochiyi, tisaike anthu awiri."

"Lero sindingalowenso, thupi liyambe lapuma. Koma mawa ndilowa. Wofuna kunyamula bokosilo ayambe wandinyamula ine."

Anapita n'kukakhala pabokosipo. Mkazi wa Benedict, Albertina, anadzuka pamphasa n'kukakhala pambali pake. Okumba manda anadikira mpaka dzuwa kupendeka, kenako anatola makasu awo.

Lamulungu pa 11 Febuluwale anthu ambiri sanafike kutchalitchi. Amuna aja anabweranso pachingwe, koma Ellina anawapitirira n'kuchipereka kwa Albertina.

"Ameneyu angakukoke ndi mphamvu ziti?" mmodzi anafunsa.

"N'chifukwa chake ndamusankha. Alamu, ndikagwedeza kamodzi, inunso gwedezani kamodzi. Basi."

Analowa nthawi ya 9:15. Thovu la mpweya wake linkazungulira pamwamba pa madzi, bwalo likukulirakulira. Kenako linaima malo amodzi, nthawi yaitali. A Bonifasio anatambasula dzanja.

"Kokani, mwana akufa uyo!"

"Musakhudze," anatero Albertina, chingwe atachikulunga pamkono. Chinagwedezeka kamodzi, iye anayankha kamodzi.

Nthawi ya 9:48 Ellina anatulukira yekha, chingwe china chili m'manja. Benedict anali atakodwa mwendo mu waya wa mpanda wakale umene madzi anaumiza, n'chifukwa chake sanayandame. Ellina anadula wayayo ndi pulayala, osaona kanthu, n'kumangirira mtembowo ku chingwe chinacho. Anapereka chingwe chachiwiricho kwa amuna anayi aja.

"Ichi ndiye kokani. Mwaulemu."

Tinamuika tsiku lomwelo, 3 koloko masana. Thunthu lija a Bonifasio analitulutsa okha m'bokosi, n'kukaliponyera nkhumba.