Anandidula Pansi pa Lilime

Ndikukumbukira chaka chimene ndinasiya kulankhula. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo tinkakhala ku Area 3, m'kanyumba ka antchito kuseri kwa nyumba yaikulu imene bambo anga ankasamalirako maluwa ndi kapinga. Mpanda wake unali wautali, wa njerwa, pamwamba atasomekapo magalasi osweka. M'kati mwa mpandamo munali zii, moti unkatha kumva madzi akudontha papayipi. Ana oti ndisewere nawo munalibe. Eni nyumba sankafuna phokoso, choncho ngakhale amayi pondiitana ankachita kutsitsa mawu.

Ndinali ndi chibwibwi. Mawu ndinkawadziwa, ndinkawaona atandandalika bwinobwino m'mutu, koma akafika pakamwa ankakakamira. Dzina langa lomwe, Tamanda, linkandivuta kuposa mawu ena onse. Ndinkayamba kuti "Ta-ta-ta", kenaka nsagwada gwa, maso atatong'oka, mpweya utatha. Kusukulu anzanga anandipatsa dzina lakuti Jenereta, chifukwa magetsi akazima majenereta a m'nyumba za kwathuko ankayamba ndi kutsokomola choncho asanalire. Ndikamadutsa, wina ankachita ngati akukoka chingwe choliza jenereta, enawo n'kumafa ndi phwete.

Mphunzitsi wathu chaka chimenecho anali bambo wosakonda kudikira. Ankatiwerengetsa mokweza mmodzimmodzi, mzere ndi mzere. Tsiku lina ndinakakamira pa liwu loyamba lenileni. Anandiyang'ana kwa kanthawi, kenaka anati, "Ukuchita dala iwe. Nanga poyimba kwaya sukakamira bwanji?" Zinali zoona, poyimba sindinkakakamira, ndipo chifukwa chake sindinkachidziwa. Anandikwapula ndi rula m'manja kalasi yonse ikuona. Kuyambira tsiku limenelo ndinaganiza kuti pakamwa potseka sipapalamula. Ndinasiya kuyankha m'kalasi, ndinasiya kupempha kupita kuchimbudzi, ndipo pang'onopang'ono ndinasiya kulankhula ngakhale kunyumba. Ndinkangogwedeza mutu ndi kuloza ndi chala. M'mawa uliwonse wa sukulu chakudya chinkandikanika, mpaka yunifolomu inayamba kundikulira.

M'nyengo yotentha, majakaranda atachita maluwa, kunabwera a Nankhoma, akulu awo a amayi, kuchokera kumudzi cha ku Mitundu. Ndi iwo amene analera amayi agogo atamwalira, choncho mawu awo m'banja mwathu sankabwezedwa. Ataona kuti ndawapatsa moni ndi manja okha, anandikokera pafupi n'kundikanula kukamwa.

"Mwanayu lilime lake ndi lomangika," anatero. "Pali kamtsempha pansipa kamene kakuligwira. Kangofunika kudula basi. Kuseri kwa msika, cha kumtsinje, kuli bambo wina amene amaidziwa ntchito imeneyi."

Bambo anali akunola chikwanje pakhomo. Anasiya kaye. "Alamu, mwana akukula ameneyu. Mwina zidzatha zokha."

"Zidzatha liti? Taonani mmene waondera. Inu alamu samalani maluwa a eniwo. Za mwana wa mbumba yathu tisiyireni ife."

Bambo anapitiriza kunola chikwanje chawo. Amayi anangoyang'ana pansi. Anagwirizana zoti tidzapite Loweruka. Zonsezi zinakambidwa ine ndili pomwepo, nditakhala pamkeka pakati pawo, koma palibe amene ananditembenukira.

Mbali ina ya mtima wanga inkafuna ndithu. Ndinkadziona nditaimirira m'kalasi ndikuwerenga ndime yonse osapunthwa, anyamata a chingwe aja atangoti kukamwa yasa. Koma masana, amayi akapita kukachapa kunyumba yaikulu, ndinkatenga kagalasi kawo n'kubisala kuseri kwa thanki ya madzi. Ndinkakweza lilime kuti ndikaone kamtsempha kankanenedwako. Kanali kakang'ono, kotuwa, ndipo m'mbali mwake munali mitsempha ina yakuda, yotupa ndi magazi. Ndinkadzifunsa kuti bamboyo adzadziwa bwanji poyenera kulekeza.

Loweruka m'mawa tinatsetsereka wapansi, amayi patsogolo, a Nankhoma atandigwira dzanja molimba. Tinaoloka mlatho n'kulowa m'chipwirikiti cha ku Old Town, oitanira minibasi akulimbirana anthu, onyamula katundu akukuwa kuti apatsidwe njira. Tinapyola pakati pa mabenchi a kaunjika n'kumatsika cha kumtsinje, kumene nthaka inali yonyowa ngakhale mvula inali isanagwe. Kunkanunkha kabichi wowola ndi utsi wa matayala. Tinaima pa kachisakasa ka malata ndi makatoni, kuseri kwa ogulitsa zitsamba.

Tili chidikirire, munatuluka mwana wina wamng'ono kuposa ine, atamutseka kukamwa ndi nsanza, nsanzayo ili psuu. Sankalira. Ankangoyang'ana kutsogolo, mayi ake akumukankha pamsana. Amayi ananditchinga kumaso ndi chitenje chawo, koma ndinali nditaona kale.

Bamboyo anali waulemu, wolankhula mofatsa, atavala jekete ngakhale kunkatentha. Pansi panali beseni la madzi ofiirira, ndipo pathabwa panali mabotolo a ufa wakuda.

"Dzina lako ndani, mwanawe?"

"Ta-ta-ta..."

"Basi, basi, ndamva kale," anatero uku akumwetulira amayi.

Anamatula lezala m'pepala lake n'kuwaonetsa kuti ndi latsopano. A Nankhoma anandikhazika pansi, mutu wanga ataupana pakati pa mawondo awo. Amayi anandigwira manja. Ndinafuna kunena kuti ayi. Liwu lalifupi chotero, koma nalo linakakamira pakhosi, ndipo pamene ndinkalimbana nalo kukamwa kuli chitsegukire, zala zonunkha fodya zinali zitagwira kale lilime langa.

Ululu wake sindikuukumbukira bwino. Chimene sichinandichoke ndi kufunda kwa magazi akudzaza m'kamwa, ndi kukoma kwake kwa mchere. Bamboyo anathira ufa wakuda uja pachilondapo, n'kusamba m'manja m'beseni lomwe lija. "Asalankhule mpaka chipole," anatero. "Chikapola, mudzachita kumuletsa."

Magazi sanasiye msanga. A Nankhoma anabwerera kumudzi tsiku lomwelo, atanena kuti magazi oipa ndiwo akutuluka. Pofika Lamulungu masana pansi pa chibwano panali patatupa, malovu ankandikanika kumeza, ndipo thupi linali moto. Mawa lake bambo sanapemphe chilolezo kwa eni nyumba kapena kwa wina aliyense. Anandibereka kumsana ngati khanda, amayi akutsatira pambuyo, mpaka kuchipatala.

Dokotala anali mayi wachikulire. Anandiunika m'kamwa ndi tochi kwa nthawi yaitali, kenaka anaizimitsa.

"Lilime la mwanayu linalibe vuto," anatero. "Chibwibwi sichikhala pa kamtsempha. Lezala likanalowa pang'ono chabe, bwenzi tikukamba zina pano. Munapitiranji kumeneko, mayi?"

"Anasiya kulankhula, adokotala. Anasiya ndi kudya komwe."

"Munamufunsa chimene chinamusiyitsa?"

Amayi anakonza chitenje chawo, chimene chinali chokonzeka kale.

Ndinagonekedwa masiku angapo, akundibaya majakisoni, ndipo kutupa kunaphwa. Nditabwerera kunyumba ndinkamwa phala lokha mpaka chilonda chinapola. Kenaka a Nankhoma anabweranso, atanyamula mtedza ndi nthochi zoti ndidye, nkhope yawo ili yowala. Sanali munthu woipa. Ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti andipulumutsa. Anandiimika patsogolo pawo. Bambo anali chapatali, payipi ili m'manja, madzi akungotayikira pamalo amodzi.

"Tanena dzina lako timve."

Ndinakoka mpweya. Inenso ndinali ndi kachiyembekezo, ngakhale ndinamva zimene dokotala ananena.

"Ta-ta-ta..."

Palibe chinasintha. Ndinkangomva madzi a payipi ija akugwera pakapinga.

"Sanadule mokwanira," anatero a Nankhoma. "Ndinaona ine kuti dzanja lake linali lamantha. Tipitenso Loweruka."

Ndinayang'ana bambo, ndipo iwo anayang'ana amayi. Amayi analankhula motsitsa, monga mmene tonse tinkalankhulira m'mpanda umenewo.

"Achemwali, munandilera, ndipo chibadwire sindinakukanireni kanthu. Koma uyu sapitanso."

"Ukundiyankha ine?"

"Sapitanso, achemwali."

"Chabwino. Udzamusunge wekha wosalankhula wakoyo."

A Nankhoma anamanga katundu wawo nthawi yomweyo, osadikira chakudya. Panapita zaka asanapondenso pakhomo pathu, ndipo kumudzi amayi anatchuka kuti tauni yawasandutsa amwano.

Madzulo a tsiku limenelo amayi ankachapa zovala zathu kuseri kwa nyumba, ndipo anandiitana kuti ndiziwatsukuluzira. Osandiyang'ana, anafunsa, "Tamanda, kusukulu kumachitika chiyani?"

Ndinakhala chete. Iwo anapitiriza kuchapa. Sanandiuze kuti ndifulumire, sanandiuze kuti ndipume kaye, sanabwerezenso funso. Thovu linkasefukira m'beseni, dzuwa likupendeka kuseri kwa mpanda. Mwina chifukwa maso awo anali pa zovala osati pakamwa panga, liwu loyamba linatuluka, lopunduka, kenaka lachiwiri. Ndinawauza za Jenereta ndi chingwe chake. Ndinawauza mmene ndinkasungira mkodzo tsiku lonse poopa kupempha. Anamaliza kuchapa, tinayanika zovala zonse, ine ndikadafotokozabe. Nditafika pa nkhani ya rula anaima, malaya a bambo ali m'manja.

"Bwanji sunandiuze nthawi yonseyi?"

Ndinalimbana nalo yankho, ndipo iwo analidikira mpaka linatuluka lonse.

"Mu-mu-mumandimalizira mawu. Ndiye mumamaliza zi-zina."

Amayi anatembenuza beseni n'kukhalapo. Anakhala choncho nthawi yaitali, manja ali pamawondo, madzi akudontha kuzala zawo.

Lolemba anavala chitenje chawo cha kutchalitchi n'kundiperekeza kusukulu. Zimene anakambirana ndi mphunzitsi uja sindikuzidziwa, chifukwa ndinatsala panja, ndipo amayi sanandiuze mpaka anamwalira. Rula sinandikhudzenso. Dzina la Jenereta lokha linandimamatira mpaka ndinamaliza pulayimale. Koma ndikabwera kunyumba ndinkapeza munthu woti ndimuuze kuti lero anditchulanso. Ndinayambanso kudya.

Lero ndimagwira ntchito mu ofesi ina ku City Centre, ndipo ndimayankha lamya tsiku lonse. Chibwibwi ndikadali nacho. Ena amadikira, ena amadula lamya n'kuyimbanso poganiza kuti netiweki yavuta. Posachedwapa kunabwera achinyamata ena ochita kafukufuku wa ana amene amavutika kulankhula, akufuna kumva kwa ife amene tinakula nalo vutoli. Mtsikana amene ankacheza nane anandifunsa kuti chinandipweteka kwambiri chinali chiyani. Ndinkayesa ndinena za lezala. Koma chimene chinatuluka ndi miyezi ija ndisanapite kumtsinje, pamene ndinkadzuka ndi mantha, kugona ndi mantha, popanda munthu mmodzi wodziwa.

Ndazindikira tsopano kuti chibwibwi sichinandiondetse ine. Chinandiondetsa ndi kusowa wondimvera. Akuluakulu onse amene anandizinga ankandikonda, ndipo onse anathamangira kuyang'ana m'kamwa mwanga, chifukwa kuyang'ana m'kamwa n'kwachangu kuposa kudikira kuti mwana wachibwibwi amalize chiganizo. Mwana akangoti zii, amakhala ali ndi nkhani, ndipo kawirikawiri nkhaniyo ndi imene ikumudwalitsa. Ine yanga inangofunika madzulo amodzi ndi munthu wosafulumira, koma ndinayamba ndakhetsa magazi kuti ndipatsidwe madzulo amenewo.